Chibale Chimachiza Maganizo, Kapena Ndicho Chimadwalitsa?

M'zipatala zing'onozing'ono za m'maboma a Machinga ndi Balaka mumafika matenda ena amene sapezeka m'magazi. Mayi amabwera akudandaula mutu, mtima kugunda msangamsanga, tulo kusowa, thupi lonse kuphwanya. Akamuyeza malungo, mulibe. Akamuyeza BP, mwina yakwerako pang'ono. Adokotala akafunsa kuti, "Mayi, kunyumba kuli bwanji?" iye amayang'ana pansi, n'kukonza chitenje, n'kuyankha motsitsa mawu kuti, "Kuli bwinobwino, kungoti maganizo." Amalandira mankhwala a mutu, n'kukwera kabaza kubwerera kwawo.

Pamene anthu amagawanikana ndi apa: kwawo kumene mayiyu akubwererako, kwa mwamuna wake, alongo ake, apongozi ake, anzake a kumpingo kapena kumzikiti, ndiko kuli mankhwala enieni, kapena ndiko kuli gwero la matendawo? Mtsutsowu umamveka pasiwa, m'maminibasi a pakati pa Liwonde ndi Ntaja, ngakhale m'zipinda za aphunzitsi nthawi yopuma. Akuluakulu ambiri amati munthu wa kuno sangafe ndi maganizo poti ali pakati pa anthu. Achinyamata ambiri, makamaka omwe ayamba kugwira kandalama, amati anthuwo ndiwo akuwamaliza. Onsewa sakungolankhula. Aliyense ali ndi zomwe waona.

Oikira kumbuyo chibale ali ndi mfundo yolemera kuposa momwe achinyamata amaiyesera. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 735,438 ku Machinga ndi 438,379 ku Balaka. Ochuluka mwa anthuwa alibe inshulansi, alibe penshoni, alibe ndalama yosunga kubanki. Balaka ndi boma louma, mvula yake njosadalirika. Asodzi a ku Machinga anaona nyanja ya Chilwa ikuphwa mu 1995, ndipo mu 2018 anaionanso ikuthawa magombe ake. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba, chaka chotsatira ng'amba inapsereza chimanga mpaka boma linalengeza kuti maboma 23 ali pa ngozi. Pa nthawi ngati zimenezi thandizo la boma ndi la mabungwe limafika ndithu, koma limafika mochedwa, ndiponso limabwera ndi mndandanda wa mayina. Amene amafika tsiku lomwelo, wopanda mndandanda, ndi mchemwali wako ndi kambale ka ufa. Amene amatenga ana ako kukagona kwawo denga likasasuka ndi amalume awo. Tsono a mbali imeneyi amafunsa kuti, nkhawa yaikulu ya munthu wosauka ndi iti, ngati si yakuti mawa ndikagwa adzandidzutsa ndani? Chibale chimayankha funso limeneli munthu asanafunse n'komwe, ndipo ndi chifukwa chake amapeza tulo ngakhale nkhokwe ili mbee.

Akafuna kutseka pakamwa wotsutsa, amaloza maliro. Uthenga ukangofika kwa amfumu, mudzi wonse umaima. Amuna amanyamula makasu kupita kumanda kusanache, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, ena amachezera ndi wofedwayo usiku wonse. Kwa Asilamu, omwe ndi ambiri m'maboma awiriwa, thupi limaikidwa msanga, koma anthu sabalalikiratu. Amadzakumananso pa sadaka, ndipo wamasiye amadziwa kuti pakapita masiku 40 pakhomo padzadzazanso anthu. Katswiri wa za maganizo sangalembe mankhwala oposa amenewa kwa mayi yemwe wataya mwana. Mayiko olemera akufunafuna chinthu chomwechi ndi ndalama zambiri. Britain inasankha nduna yoona za kusungulumwa mu 2018, Japan inachita chimodzimodzi mu 2021, ndipo mu 2023 bungwe la WHO linakhazikitsa komiti yapadera pa vuto lomweli. Kumeneko nkhalamba imatha kufera m'nyumba mwake, anthu osadziwa mpaka masabata. Kwa Kalembo kapena kwa Kawinga, chitseko chikakhala chotseka mpaka dzuwa kukwera, wina amapita kukaodira.

Amawonjezanso za chikamwini. M'midzi yambiri ya Ayao, Alomwe ndi Anyanja a dera lino, mwamuna ndiye amapita kukakhala kwawo kwa mkazi. Munda ndi wa mbumba ya mkaziyo, ana ndi a kuchikazi, ndipo mlongo wake ali pafupi. Banja likatha, mkazi sasenza katundu. Amatsala pa nthaka ya amayi ake ndi ana ake. Katswiri wa za chiwerengero cha anthu, Georges Reniers, atasanthula maukwati a ku Balaka, Mchinji ndi Rumphi, analemba mu 2003 kuti mwa maukwati 100 aliwonse, pakati pa 40 ndi 65 amatha, ndipo Balaka ndiyo inali pamwamba. Ena akamva zimenezi amagwira pakamwa. Oikira kumbuyo chibale amati ayi, chiwerengerochi chikusonyeza kuti mkazi wa kuno ali ndi khomo lotulukira. Sakakamizika kufera m'nyumba ya nkhanza poopa kubweza ng'ombe za malowolo, chifukwa abale ake anamuzungulira.

Zonsezi ndi zoona, ndipo ine sindingazichepetse. Koma a mbali inayo amati nkhaniyi yakambidwa ndi wolandira, wopereka sanafunsidwe.

Taganizirani mphunzitsi wa pulayimale kufupi ndi Nsanama, yekhayo m'banja mwawo amene anafika ku koleji. Malipiro akangolowa, foni imadziwiratu. "Achimwene, feteleza uja bwanji?" "Amalume, atithamangitsa fizi." "Alamu, mwana wagonekedwa ku Liwonde, tilibe ndi ya phala yomwe." Amaima pa kasitolo ka ejenti wa Airtel Money kapena Mpamba, kapepala ka manambala kali m'manja, akutumiza uku ndi uku, mtsikana wa pa kasitolopo akulemba m'kope. Pochoka pamenepo lendi sanalipire, ndipo pofika pakati pa mwezi ali pakhomo pa wakatapila. Palibe pempho ngakhale limodzi mwa amenewa lomwe ndi labodza. Mwana akudwaladi, fizi ikufunikadi. Chomwe chimamudya mphunzitsiyu n'chakuti mawu oti "ndilibe" anamulanda. Munthu wa pa malipiro akati alibe, palibe amamukhulupirira. Amati wayamba kudzimva, kapena mkazi wake anamudyetsa. Ena amafika ponena kuti, "Musiyeni, tidzaona amene adzamuike." Mawu amenewa ndi oopsa chifukwa cha chinthu chomwe chija a mbali yoyamba amanyadira. Mudzi umene umakuika m'manda mwaulemu ulinso ndi mphamvu yokuopseza kuti sudzabwera.

Kuopa kupemphedwa kumasintha ngakhale kagwiritsidwe ntchito ka ndalama. Katswiri wa zachuma Jessica Goldberg anachititsa mayere a ndalama m'makalabu a alimi a m'chigawo chapakati. Ena anapambana anzawo akuona, ena anapambana mwachinsinsi. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2017, zinasonyeza kuti opambana poyera anafulumira kuigwiritsa ntchito ndalamayo kusiyana ndi opambana mobisa. Mlimi aliyense wa thonje ku Utale kapena ku Phalula akudziwa chifukwa chake popanda kuwerenga lipotilo. Ndalama ikagona m'nyumba anthu akudziwa, mawa ili ndi eni ake ambiri. Bola kugula malata lero, ngakhale nyumba yake sunayambe kuumba njerwa.

Kulemera kumeneku kumaonekera bwino pa nkhani ya ku Joni. Amuna a dera lino anayamba kale kupita kummwera. Agogo awo anapita ku migodi kudzera ku bungwe la Wenela, mpaka ndege inagwa ku Francistown mu Epulo 1974 n'kupha Amalawi 74 ochokera ku migodi, Kamuzu Banda n'kuletsa ulendowo. Adzukulu awo lero amapita okha pa basi kudzera ku Mwanza ndi ku Tete, ambiri opanda mapepala okwanira. Mnyamata akafika ku Johannesburg kapena ku Durban amagona anthu angapo m'kachipinda kamodzi, amagwira ntchito m'sitolo kapena m'munda wa maluwa wa bwana, amayenda akuyang'ana m'mbuyo poopa apolisi ndi achiwembu odana ndi alendo. Mu Epulo 2015 boma la Malawi linachita kutumiza mabasi kukatenga anthu ake omwe anathawa ziwawa ku Durban. Koma kumudzi amaona zithunzi za pa WhatsApp zokha, mnyamata atavala jekete yatsopano. Sangaimbe foni n'kunena kuti ntchito inatha miyezi iwiri yapitayo. Sangabwerere chimanjamanja, poti mnzake amene anapita naye limodzi anamanga kale nyumba ya malata pa Ntaja ndipo anagula njinga yamoto. Alipo omwe amangosiya kuimba, n'kusintha nambala. Kumudzi amati watchona, waiwala kwawo. Mwina sanaiwale. Mwina manyazi ndiwo anamutsekera njira.

Mkazi amene wasiyidwa naye ali ndi wake mtolo. Mudzi wonse umasanduka mlonda wake. Akavala bwino popita kumsika, funso limabwera lakuti akuvalira yani. Akaseka ndi wakabaza, uthenga umafika ku Joni iye asanafike pakhomo. Ndalama ikatumizidwa kudzera kwa apongozi kapena kwa alamu ake aakazi, amachita kupempha ya sopo ngati mlendo. Ikatumizidwa kwa iye, akuchimuna amati akudya yekha thukuta la mwana wawo. Pamwamba pa zonsezi pali funso lomwe sangafunse munthu aliyense, lakuti kodi mwamunayo ali ndi wina kumeneko, ndipo akadzabwera adzabwera ndi chiyani m'thupi. Kafukufuku wa Tsogolo la Thanzi, amene wakhala akutsatira achinyamata a ku Balaka kuyambira mu 2009, anaonetsa kuti ambiri amakhala osatsimikiza ngati ali ndi kachilombo ka HIV kapena ayi, ndipo Jenny Trinitapoli, mmodzi mwa atsogoleri a kafukufukuyo, analemba buku lonse pa za kusatsimikiza kumeneku mu 2023. Kukayika kotere sikuchokera ku mvula kapena ku mtengo wa feteleza. Kumachokera pa mphasa imene anthu awiri amagonapo.

Nacho chikamwini chili ndi nkhope ina, imene amaiona ndi mwamuna. Akale anati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo mkamwini amadziwa kuti anthu amamuona choncho. Amalima munda womwe si wake, amamanga nyumba pa malo omwe si ake, amabereka ana omwe mwini wake weniweni ndi mlamu wake. Pa mlandu wa m'mudzimo amakhala kumbuyo. Banja likatha amanyamula bulangete ndi njinga, mitengo ya mango imene anabzala n'kutsala. Kwawo nako amamudikira ngati mwinimbumba, kuti asamale ana a alongo ake. Amakokedwa mbali ziwiri, ndipo mbali iliyonse imamuona ngati akukondera inayo. Khomo lotulukira lija, lomwe ndi chitetezo kwa mkazi, kwa mwamunayu ndi chikumbutso cha tsiku ndi tsiku chakuti pano ndi wongodutsa. Ndipo nalo khomolo si laulere kwa mkazi. Akatulukirapo kawiri kapena katatu, amayi anzake ku mjigo amayamba kumutchula wosasunga banja.

Zikavuta m'nyumba, mwambo unatipatsa ankhoswe, ndipo a mbali yoyamba amawatchula ngati umboni woti alangizi tinali nawo kale azungu asanabwere ndi maphunziro awo. Ndi zoona, ankhoswe apulumutsa mabanja osawerengeka. Koma tiyeni tikhale nawo pansi pa mtengo paja. Mphasa yayalidwa, akuchimuna uku, akuchikazi uku, ana athamangitsidwa koma akumvetsera kuseri kwa nkhokwe. Mkazi afotokoza za ndalama ya nandolo imene inathera ku mowa kapena kwa mkazi wina. Mwamuna afotokoza za mwano. Kenaka mkazi anena mawu omwe anabwerera: "Amalume, ine ndatopa. Usiku sindigona." Amalume akhosomola pang'ono n'kuyankha kuti, "Mwana wanga, banja ndi kupirira. Amayi ako anapirira, si iwe woyamba." Mwamuna alipitsidwa nkhuku, onse agwirana chanza, mlandu watha. Ntchito ya nkhoswe ndi kusunga ukwati, ndipo waigwira bwino. Za kusagona zija palibe wazifunsanso. Komanso amalumewa ali ndi mbali pa nkhaniyi: banja likatha, ana aja agwera pa mutu pawo.

Ana nawo amasenzetsedwa. Ku Zomba, boma loyandikana ndi Machinga ndi Balaka, akatswiri Sarah Baird, Jacobus de Hoop ndi Berk Özler anatsatira atsikana omwe mabanja awo ankalandira ndalama mwezi ndi mwezi mu 2008 ndi 2009. Kwa atsikana a pasukulu omwe ankalandira popanda lamulo lililonse, kupsinjika maganizo kunatsika ndi 38 pa 100 aliwonse poyerekeza ndi omwe sankalandira. Kwa omwe ndalama inkabwera pokhapokha mtsikanayo akamapita kusukulu mosajomba, kunatsika ndi 17 pokha, ndipo phindulo linkacheperachepera ndalama ya makolo ikamakula. Tanthauzo lake ndi lomvetsa chisoni. Chakudya cha banja lonse chikadalira mwana wa fomu 2, mwanayo amachimva pa mapewa. Ku Machinga, komwe mafumu ndi mabungwe akhala akulimbana ndi maukwati a ana, lamulo la 2015 ndi kusintha kwa malamulo aakulu a dziko mu 2017 zinaika zaka 18 ngati malire. Koma mtsikana amene akuuzidwa ndi azakhali ake kuti mnyamata wa ku Joni uja watumiza foni, ndipo kukana n'kulanga banja lonse ndi njala, salimbana ndi lamulo. Amalimbana ndi anthu omwe amadya nawo m'mbale imodzi.

Za nsanje ndi ufiti sindichulutsa, poti aliyense akuzidziwa. Wokolola kwambiri amati ngokhwima. Nkhalamba imene yatsala yokha adzukulu akumwalira amati ndiyo ikuwadya. Munthu amabisa mimba, amabisa ulendo, amabisa ngakhale kuti mwana wakhoza mayeso. Nayo banki m'khonde, imene yathandiza amayi ambiri kuyamba geni, ikafika pa kulephera kubweza imawawa kuposa ngongole ya kubanki, chifukwa odzatenga ziwiya ndi mbuzi si alendo ayi, ndi anzako a kwaya.

Mapeto a zonsezi nthawi zina amakhala imfa. Apolisi analengeza kuti kuyambira Januwale mpaka Ogasiti 2020 anthu 182 anadzipha m'dziko muno, pamene miyezi yomweyo mu 2019 anali 116, ndipo ochuluka kwambiri anali amuna. Zifukwa zomwe apolisi amatchula kawirikawiri ndi mikangano ya m'banja ndi ngongole. Anthu amenewa sanali okhala okha m'nyumba zosanja za ku London. Anali ndi akazi, ana, ankhoswe, mipingo. Pa maliro awo panadzaza anthu.

Oikira kumbuyo chibale ali ndi yankho, ndipo ndi lanzeru. Amati mukuimba mlandu chibale pamene wolakwa ndi umphawi. Kale mbumba inali ndi minda yokwanira, opempha anali ochepa, opereka ambiri. Lero minda yagawidwa mpaka yatsala timizere, kwacha inagwa ndi 25 pa 100 mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023, ndipo munthu mmodzi wa pa ntchito akuyang'aniridwa ndi anthu khumi. Patsani anthu ntchito ndi mitengo yabwino ya thonje ndi nandolo, muone ngati foni ya mphunzitsi uja idzalirenso chimodzimodzi. Amanenanso kuti woperekayo sataya. Ann Swidler ndi Susan Watkins, omwe anaphunzira kwa zaka zambiri moyo wa m'midzi ya Malawi kuphatikizapo ya ku Balaka, analemba mu 2007 kuti m'dziko lopanda chitetezo china, kukhala ndi anthu okudalira ndi njira yodzisungira tsogolo. Kupatsa n'kuika, amatero akuluakulu. Mphunzitsi uja naye anaphunzira ndi ndalama ya mbuzi ya amalume ake. Akadzapuma ntchito, penshoni ikadzachedwa, adzadya kwa ana omwe akuwalipirira fizi lerowa.

Pa za umphawi ndikugwirizana nawo kwambiri, ndipo kafukufuku wa ku Zomba uja akuwaikira umboni: ndalama itabwera maganizo anapepuka, itasiya kubwera anabwereranso. Amene amauza anthu anjala kuti vuto lawo ndi kaganizidwe amawanyoza. Koma umphawi sufotokoza zonse. Sufotokoza chifukwa chimene mnyamata wa ku Joni sanganenere amayi ake omubereka kuti zinthu zavuta. Sufotokoza chifukwa chimene mwamuna amauzidwira kuyambira ku jando kuti mwamuna salira, kapena chimene mkazi amalangizidwira kuti za m'nyumba saulula. Kukhala chete kumeneku sikugulidwa ndi ndalama, ndipo sikudzatha chifukwa choti thonje lakwera mtengo.

Apa ndi pamene ine ndaima. Mudzi wathu umadziwa kusenza mavuto ooneka ndi maso, ndiponso ochokera kunja: imfa, matenda, moto, madzi osefukira. Pa amenewa palibe wotiposa, ndipo wachinyamata amene akulota zothawa abale n'kukakhala yekha m'tauni adzazindikira tsiku limene adzadwale. Koma vuto likakhala lochokera kwa anthu omwewo, mudzi ulibe pokhalira pansi. Ukafedwa, anthu amabwera. Ukatopa ndi anthuwo, upita kwa yani? Aliyense amene ungamuuze ali ndi mbali. Amayi ako ndi omwe akudikira feteleza. Nkhoswe ndi amene adzasenze ana. Mnzako wa ku mjigo ndi msuweni wa apongozi ako. Abusa kapena ashehe amapemphera ndi mwamuna wako yemweyo, ndipo mwina ndiye msungichuma wawo. Munthu amazunguliridwa ndi makutu ambirimbiri, koma palibe khutu limodzi lomwe nkhani ingalowe n'kukhala momwemo. A mbali yoyamba akamati kuno kulibe kusungulumwa, amawerenga anthu omwe ali pabwalo. Sawerenga nkhani zomwe munthu wagona nazo zaka zisanu osauza aliyense.

Boma silinatseke mpata umenewu. Chipatala chachikulu cha boma cha matenda a maganizo ndi cha ku Zomba, makilomita oposa 50 kuchokera pa Liwonde, ndipo kwa munthu wa ku Nayuchi kapena kwa Ngokwe ulendo wake ndi wa tsiku ndi ndalama zambiri. Kuwonjeza apo, dzina la chipatalacho anthu analisandutsa chitonzo, moti wopsinjika maganizo safuna n'komwe kumva zopitako, poopa kutchedwa wamisala. Gawo 229 la malamulo a milandu, lomwe tinatengera kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo zimenezi zinaphunzitsa mabanja kubisa m'malo mofuna thandizo. Zilipo zina zothandiza: nambala yaulere ya 116 imene bungwe la YONECO la ku Zomba limayendetsa pothandiza ana ndi achinyamata, ndi nthambi za apolisi zothandiza ochitiridwa nkhanza. Koma mphunzitsi wa ngongole uja si mwana, ndipo palibe wamumenya.

Chomwe chikusoweka ndi munthu womvetsera amene si mbale. Ku Zimbabwe anayesa njira imene ikanatikwana. Dokotala wa matenda a maganizo Dixon Chibanda, wodwala wake wina atadzipha chifukwa banja linasowa ndalama ya basi yobwerera kuchipatala ku Harare, anayambitsa Friendship Bench mu 2006 ku Mbare. Anaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera ndi kuthandiza munthu kusanthula mavuto ake limodzi ndi limodzi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anasonyeza kuti omwe anakhala pa benchiyo anapeza bwino kwambiri kuposa omwe analandira chithandizo cha masiku onse. Njirayi sichotsa munthu m'mudzi, ndiponso simuuza kuti abale ake ndi adani. Imangomupatsa malo amodzi pomwe angati "ndatopa" popanda kuyankhidwa kuti apirire.

Mabanja nawo angathe kusintha zina popanda kudikira boma. Nkhoswe angathe kuyamba waonana ndi mwana wake payekha, tsiku la mlandu lisanafike, n'kumufunsa za iye mwini osati za ukwati wokha. Mbumba ingathe kukhala pansi kamodzi pachaka, zokolola zitagulitsidwa, n'kugwirizana poyera kuti fizi ya uje alipira ndani, feteleza wa amayi agula ndani, ndipo wa pa ntchitoyo malire ake ndi ati, kuti akadzati "mwezi uno ndilibe" mawu akewo adzalemekezedwe. Mafumu omwe anatha kukhazikitsa malamulo a m'midzi oletsa kukwatitsa ana angathenso kudzudzula pabwalo mawu oopseza munthu ndi maliro ake.

Pa za benchi ija, a mbali yachiwiri ali ndi chenjezo lomwe ndikulivomereza. Harare ndi mzinda, ndipo agogo a pa benchi akhoza kukhala mlendo kwa iwe. Kwa Nsamala kapena kwa Chikweo agogo aliyense ndi azakhali a winawake. Ngati makhonsolo a Machinga ndi Balaka angayese njirayi pa zipatala za ku Ntaja, Ulongwe kapena Phalula, omvetserawo azichokera kutali ndi midzi ya omwe akuwamvetsera, aphunzitsidwe kusunga chinsinsi monga amachitira alangizi a za HIV, ndipo woulula achotsedwe. Komanso alipidwe. Tazolowera kuti ntchito iliyonse ya chifundo m'mudzi timaisenzetsa amayi achikulire mwaulere, ati ndi ongodzipereka. Agogo amenewa ndi omwe akulera kale ana a ana awo omwe ali ku Joni kapena kumanda, ndi omwe amachezera pasiwa, ndi omwe amayamba kulozedwa chala mwana akamwalira mwadzidzidzi. Kuwapatsa mavuto a mudzi wonse kuti awamvetsere popanda malipiro kungakhale kuwonjezera katundu pa mutu womwe walemedwa kale kuposa mitu yonse.